Mlatho Wotukuka Msana wa ku Rugare

Rugare,
Harare.
16 Febuluwale 2025.

Okondedwa achimwene a Albert,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Guangzhou kumene muliko, ngakhale kuti ndikungoganizira chabe, poti chiyambire Novembala simunayankhe uthenga wanga ndi umodzi womwe. Kuno tikudzuka ndithu. Mvula ikugwa, magetsi akubwera akafuna, madzi a pampopi ndiye tinawaiwala kale. Ndasankha kulemba papepala ngati munthu wachikale chifukwa pafoni mumangowerenga n'kukhala chete. Kalata ino ndapatsira a Francisca a ku Glen Norah, aja mumawathandiza kuoda nsapato akabwera kumeneko, ndipo ndawauza kuti asachoke pamaso panu mpaka mutaimaliza. Mukudziwa kuti mayi amenewa akakhala pampando sadzuka msanga, ndiye ingowerengani.

Nkhani yonse yayambira pa zithunzi zanu zija. Chipitireni ku China, tchuthi chilichonse mumatitumizira inuyo mutaima patsogolo pa nsanja zimene mumati mapagoda, za madenga osanjikizana, ngodya zake zitapindikira kumwamba ngati nyanga za mbuzi. Apo ayi mwaima pa mlatho wamiyala wotukuka msana, pansi pali madzi oyera, m'mbali maluwa. N'zokongola, sindikana. Koma sitinaonepo chipinda chimene mumagona, mbale imene mumadyera, kapena munthu amene mumacheza naye. Nsanja ndi milatho basi, ngati tinatumiza munthu wokaona malo osati mwana wa m'nyumba muno. Popeza maso a bambo sagwirizana ndi foni, ndinkapita kukazitsukitsa m'tauni, iwo n'kumazikhoma pabalaza moyandikana ndi chithunzi chawo chakale chija, ataima pa mlatho wa ku mathithi a Victoria, atavala suti, dzanja m'thumba.

Mukuwakumbukira akuluakulu aja amene anapumira limodzi ndi bambo ku njanji, amene amasonkhana pansi pa mtengo wa peyala Lamlungu masana kudzasewera bawo. Atsala ochepa tsopano, koma pakamwa pawo sipanapume. Tsiku lina fumbi la mu Ogasiti linawathamangitsira m'nyumba, ndipo a Hamudi a ku Mbare, mnzawo wa bambo uja, anayamba kuyendera zithunzizo chimodzichimodzi, mphuno itatsala pang'ono kugunda khoma. Muyenera kudziwa, achimwene, kuti kwa anthu amenewa chithunzi si chosewera nacho. M'masiku awo munthu ankalipira wojambula mwa apo ndi apo, ndipo ankaima patsogolo pa ntchito yake kuti akumudzi aone chimene akuchita ku Halale. Woyendetsa lole ankaima pa lole yake, wophika pakhomo la hotela, woponya malasha pambali pa sitima. Munthu sankangoima pa chinthu cha eni popanda chifukwa.

Ndiye a Hamudi anatembenuka n'kuti, "A Philemon, bwanji mumatibisira? Mwana wanuyu ndi mmisiri wamkulu. Taonani zimene akumanga kumeneko. Iyi nsanja, uwu mlatho, uwunso mlatho wina mpaka wa denga. Watengera bambo wake ameneyu."

Bambo sanavomere, sanakanenso. Anangotsokomola n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Ine ndinali kukhitchini, ndinamva zonse, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Ndikanatha kutuluka n'kunena kuti achimwene anga amamasulira Chitchaina kwa amalonda ndi kuwalongedzera makatoni, ntchito yabwinobwino yosachititsa manyazi. Koma ndinati asiyeni akuluakulu asangalale, zithera pomwepa.

Sizinathere pomwepo ayi. Sabata isanathe msewu wathu wonse unali utadziwa kuti mwana wa Sekuru Philemon, monga amawatchulira bambo kuno, akumanga milatho ku China. Mukuikumbukira ngalande ija ya kutsogolo kwa geti lathu, imene aliyense wopita kumjigo kapena kokwerera makombi amawoloka pa matabwa awiri. Chaka chilichonse madzi amakokolola matabwawo, ndipo chaka chatha Mai Mazvita, oyandikana nafe aja, anagweramo ndi ndowa yawo yomwe. Ndiye atachita msonkhano wa anthu a mumsewu muno wokonzekera mvula, mayi omwewo anaimirira n'kunena m'Chishona chawo kuti tikuvutikiranji pamene injiniya wathu akubwera mu Disembala kudzamanga chiliza cha amayi ake. Anati mukadzangomaliza kumanda, mudzatiikire kamlatho, poti kwa inu ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Anthu anaomba m'manja, ena anabwera kudzagwira bambo chanza.

Madzulo ake ndinakujambulirani mawu pafoni ndikuseka, kukuuzani kuti mukonzeke chifukwa Rugare yense akudikira mlatho wanu. Kwa ine inali nthabwala. Patapita masiku munalemba mizere iwiri yakuti ntchito yachuluka, mu Disembala simutha kubwera, ndipo pansi pake munaikapo chithunzi cha nsanja ina. Amenewo ndiwo mawu anu omaliza amene ndili nawo.

Ndikuuzeni zoona, ndinakwiya kwambiri. Mayi anatisiya kalekale, ndipo manda awo ku Mbudzi akadali mulu wa dothi wokhala ndi kachitsulo kolembapo dzina, pamene anzawo onse oyandikana nawo anawamangira. Bambo anakana kuti timange inu palibe, akuti chiliza cha mayi sichimangidwa mwana wamwamuna ali kutali. Ine ndinamvera. Ndinasonkhanitsa simenti thumba limodzilimodzi kuchokera pa tebulo langa la tomato, ndi njerwa, ndi mchenga, n'kusunga matumbawo m'chipinda chanu pamwamba pa matabwa, nditawakuta bwinobwino kuopa chinyontho. Zonse zinali zitakwana, chosowa munali inu nokha.

Nditawauza bambo kuti simubwera, sanafunse za ntchito yanu. Anangoti, "Iwe unamuuza chiyani?" Ndinawatsegulira mawu anga aja, anamvetsera mpaka kumapeto, kuseka kwanga konse. Kenako anadzuka n'kukakhala panja, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Sabata yotsatira ndinapita ku Kambuzuma ku msonkhano wa amayi a mvano, wogonera komweko. Pobwera, ndikutsika kombi, ndinaona anthu ataunjikana pageti lathu, ndinaganiza kuti kwagwa zovuta. Kufika pafupi, ndinapeza bambo ali m'ngalande, madzi akuda aja akuwalekeza m'mawondo, a Hamudi ali pamtunda akuwapatsira njerwa. Anali atagoneka migolo yakale m'ngalandemo, n'kumayala njerwa pamwamba pake kuti zikhote. Chithunzi chanu chimodzi, cha mlatho wotukuka msana uja, anachikulunga m'pepala la buledi n'kuchikhomera pamtengo kuti aziyang'anirapo. Pambali panali matumba a simenti ong'ambidwa, ndipo ndinawazindikira ndi nsalu yanga yakale imene ndinakutira.

Ndinati, "Bambo, simenti imeneyi ndi ya mayi."

Iwo anati, "Ndikudziwa."

"Nanga mwatani?"

"Mayi ako sathawa. Tandibweretsera madzi, matope akuuma."

Madziwo sindinabweretse. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndinalira ngati maliro agwa kachiwiri. Kwa masiku angapo ndinkangowaikira chakudya patebulo osawalankhula, iwonso osandifunsa. M'mawa uliwonse ankavala jombo zawo zong'ambika n'kulowa m'ngalande, akuluakulu a bawo aja atakhala pamipando m'mbali, aliyense akulangiza zake. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wa shuga, m'madzi amene amachokera kuzimbudzi zophulika za kumtunda. Ndinatuma abusa kuti awaletse, abusawo anakathera kugwira shovelo.

Mlathowo unatha Khirisimasi ili pafupi, ndipo ndikanakonda mukanauona ndi maso anu kuti mundimvetse. Bambo anatsatira chithunzi chanu mokhulupirika kwambiri. Msana wake ndi wotukuka moti wilibala yodzaza zigubu za madzi siikwera, imafuna anthu awiri okankha ndi mmodzi wokoka, ndipo potsika imathamanga yokha. Amayi osenza ndowa amakwera chammbali akutukwana. Mwezi watha kunali maliro kuseri kwathu, onyamula bokosi atafika pamwamba akutsogolo anatsika akumbuyo akukwerabe, moti tonse tinamva malemuwo akusuntha m'katimo. Anamfedwa anasiya kulira kaye n'kumayang'ana.

Sanalekere pomwepo. Anasasula malata a khola la nkhuku n'kupanga kansanja kumapeto kwa mlathowo, ka madenga atatu osanjikizana, ngodya zake anazipinda ndi pulayala kuti ziloze kumwamba, kenako anapaka penti yofiira yotsala ya pakhonde. Nkhuku zanga tsopano zikugona kukhitchini. Ngodya imodzi inakola duku la Mai Mazvita n'kulisiya likulendewera, mayiwo anaima pamwamba pa mlatho mutu uli pambalambanda n'kumati, "Sekuru, chii ichi, n'chiyani chimenechi? Tinapempha powolokera, osati gomo lokwera tsiku ndi tsiku." Bambo anawayankha mofatsa kuti ku China milatho imakhala choncho, ndipo pulani yake inachokera kwa Albert.

Aliyense wofunsa amamuuza zomwezo, kuti pulani inachokera kwa inu, iwo anangogwira ntchito ya manja. Ndiye anthu okankha mawilibala akamatukwana, dziwani kuti amatchula dzina lanu.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti mlathowu watchuka. Anayamba ndi ana a sukulu kudzijambulapo, kenako anyamata ndi atsikana ochokera ku Kambuzuma, Glen Norah mpaka m'tauni. Akuutcha China ya ku Rugare. Loweruka lina kunabwera akwati ndi operekeza awo onse, mkwatibwi atanyamula diresi m'manja kuopa matope, akumwetulira pojambulidwa kenako n'kutseka mphuno. Wojambula wina wakhazikika pomwepo ndi ambulera yake. Ine ndimakhala pa tebulo langa n'kumaona anthu osawadziwa akukwera pa simenti ya mayi anga, akuloza zala ziwiri kumwamba, akupinda milomo. Tomato akugulika kuposa kale, koma ndimawapatsa ndi nkhope yomanga, mpaka wina anandifunsa ngati ndikudwala dzino.

Pali china chimene sindinafune kulemba, koma a Francisca akakuuzanibe. Pa ntchito ija bambo anaponda botolo losweka m'ngalande, jombo n'kubooka. Anabisa mpaka nditaona kuti akutsimphina. Chilondacho chili kuphazi, ndipo ndi shuga wawo uja sichikupola. Tikupita kuchipatala, ndikuchitsuka m'mawa ndi madzulo. Adokotala ananena zina zimene sindilemba pano.

Tsiku lina masana ndikuwamanga bandeji, panja anthu akuseka pamlatho paja, mtima wanga unadzaza. Ndinawauza zonse zimene ndinasunga. Ndinati mwawononga chiliza cha mkazi wanu, mwawononga phazi lanu, mwapha khola langa, zonsezi kuti anzanu a bawo azikutamandani ndi bodza. Ndinati mwana wanuyo samanga kanthu, amalongedza nsapato, ndipo inu mukudziwa. Ndinalankhula mokweza, mawu oti mwana sayenera kulankhula kwa bambo ake, ndipo ndinayembekezera kuti andikalipira.

Iwo anangoti, "Tanditsitsira chithunzi changa chija."

Nditawapatsa, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti ndikuganiza ankagwira ntchito yanji pa mlatho umenewo. Ndinati ife tinakula tikudziwa kuti munali m'gulu lokonza milatho ya njanji. Anapukusa mutu.

"Mlatho umenewu anaumanga ine ndisanabadwe," anatero. "Ine ndinkasesa m'mabogi. Sitima itaima kumeneko ndinabwereka suti kwa mnzanga woperekera zakudya, ndinajambulitsa, n'kutumiza kwa mayi anga kwa Ganya ku Ntcheu. Ndinkangofuna aone kuti ndili moyo ndipo ndafika kutali. Iwo anayenda nacho chithunzicho mudzi wonse. Kenako kunabwera uthenga wakuti Philemon abwere adzatimangire mlatho pa mtsinje wathu, ana akulephera kupita kusukulu nthawi ya dzinja. Ndinati ndipita chaka chamawa, ndikaphunzira kaye kamangidwe. Chaka chamawacho ndinatinso chamawa. Ndikanakafika bwanji ndi tsache m'manja, anthu akudikira mmisiri? Mayi anamwalira ndili kuno, ngakhale manda awo sindikuwadziwa. Anthu amati machona anakanirira ku Halale chifukwa cha mowa ndi akazi. Enafe chinatitsekera njira ndi manyazi."

Ndinapitiriza kuwamanga bandeji. Panja wojambula uja ankauza anthu kuti asunthire pafupi.

"Tsiku lija a Hamudi analankhula, ndinayenera kukana," anapitiriza. "Koma zinandikomera m'khutu, ndinakhala chete. Nditamva mawu ako aja ukuseka, ndi yankho lake, ndinadziwa kuti mwana uja tamutsekera njira ngati momwe inanditsekekera ine. Ndiye ndinati mlatho akuufunawo ndiwamangire ndine, ukhale woipa kaya wabwino, bola ukhalepo. Tsopano palibe amene adzamufunse kanthu. Ntchito yake inatha kale. Umuuze abwere chimanjamanja."

Ndinafunsa za chiliza cha mayi. Anati, "Adelaide ali pamene tinamusiya, ndipo akanakhala moyo akanandipatsira yekha njerwazo. Amene angatayike ndi wamoyoyu."

Achimwene, sindikudziwa ngati bambo akulondola. Mwina ntchito inachulukadi, mwina muli ndi zifukwa zina zimene simutiuza, mwina nthabwala yanga ija simunaiganizirenso n'komwe. Ngati ndi choncho, ndiye kuti munthu wokalamba wawononga phazi lake pachabe, ndipo zimenezo zindikwiyitsa koposa. Koma ngati akulondola, ndikuuzeni ine mlongo wanu kuti palibe amene akufuna injiniya kuno. Lamlungu lapitali ndinapita pansi pa peyala paja n'kuwauza akuluakulu onse ntchito yanu yeniyeni. A Hamudi anangofunsa ngati mungawapezere nsapato zofewa za nambala naini, poti zidendene zikuwavuta. Nkhani yake inathera pomwepo, bawo n'kupitirira.

Mkwiyo wanga sunathe, musaganize kuti ndafewa. Ndikadali wokwiya ndi bambo, ndi inu, ndi aliyense wobwera kudzatulutsa lilime pamlatho paja. Simenti ndayambanso kusonkhanitsa, ndipo ulendo uno ndikusunga kwa abusa. Sindikupempha kuti mutumize kanthu. Musatumizenso chithunzi cha nsanja, khoma ladzaza.

Chinthu chimodzi chokha ndikuuzeni, chifukwa bambo anandiumiriza kuti ndilembe. Pa chithunzi chanu chija, mlatho ndi chithunzithunzi chake cha m'madzi zimakumana n'kupanga chinthu chozungulira ngati mwezi wathunthu. Bambo ankadandaula kuti wawo sukutero, poti m'ngalande mwathu mumangoyandama mapepala ndi matewera. Koma sabata yatha kunagwa mvula yamphamvu imene inakokolola zonse, ndipo m'mawa mwake madzi anadikha kwa kanthawi. Anandiitana ndili ndi thovu m'manja kuti ndidzaone. Mwezi wawo unaonekadi, wopotoka pang'ono mbali imodzi, kansanja kofiira kali chadodolido pambali pake. Pofika nthawi ya tiyi zinyalala zinali zitabwerera.

Landirani moni kuchokera kwa a Hamudi, amene akuti musaiwale nambala ija. Mai Mazvita akupereka moni, akuti mudzawagulire duku. Abusa ndi amayi a mvano akukupemphererani. Nkhuku zili bwino, kungoti zazolowera kukhitchini.

Bambo akupereka moni wambiri. Amakhala pampando pageti kuyambira m'mawa, phazi atalisanjika pa ndowa, kuyang'ana anthu akukwera ndi kutsika. Iwo eni sanawolokepo pa mlathowo chiumangireni. Poyamba ankazungulira njira ya kumtunda, tsopano popita kuchipatala timawanyamula pa wilibala kudzera komweko. Ndikawafunsa amati ndi wotsetsereka kwambiri, munthu wa phazi limodzi sangakwere yekha, afunika womugwira mkono. Ndawapatsa mkono wanga kangapo konse, a Hamudi nawonso anayesa. Akuti adikira kaye.

Chipinda chanu ndasesa, fumbi la simenti lonse ndachotsa.

Ndine mlongo wanu,
Dolly